Alibemlandu

Ndinamutola m'ngalande pa Chitakale,
kamwana konyowa ngati kansanza kopukutira njinga.
Ndinamuika m'dengu la nanazi pakaliyala,
analira njira yonse mpaka kwathu.

Dzina anapereka ndi Esinala, mkazi wanga.
Alibemlandu.
Kaya ankanena galu, kaya ankazembera ine,
sindinafunse.

Zaka ziwiri ndinamuweta monga tinkawetera kwathu:
waya m'khosi, tsinde la mapeyala,
makombo akatsala,
akapanda kutsala, mawa.
Nkhupakupa zinkalendewera m'makutu ngati nthanga za nsatsi,
ine n'kumati galu ndi galu,
akadwala amadya udzu.

Fulaye wogulitsa mayunitsi ndiye anandilowetsa
m'gulu la pafoni la oweta agalu ndi amphaka.
Ndinaseka mpaka kukhosomola.
Anthu akuluakulu, ena ndi manesi, ena makalaliki a ku esiteti,
kufunsana usiku za mphaka wosanza!
Koma tulo tikavuta ndinkawerenga,
ndipo tsiku lina wina analemba kuti
galu wa pawaya amamva ludzu ngati iwe.
Ndinatuluka ndi tochi.
Mbale yake inali youma, muli masamba.

Loweruka la katemera wa chiwewe
ndinataya makasitomala a m'mawa wonse,
pamzere ndi ana ogwira zingwe za luzi.
Anandipatsa kapepala ka chidindo,
ndinakapinda, n'kukaiwala m'jekete.

Juni atafika chiperoni chinameza phiri,
minda ya tiyi inasanduka utsi,
ndipo iye, amene ndinali nditamuvula waya,
anatsata fungo la kaya ndani.
Masiku atatu.
Esinala ankati si mwana uyu, gonani,
koma ndinamuona akusuzumira pazenera.

Chithunzi chake chinayenda kuposa njinga yanga:
khutu limodzi logwa, banga loyera pachifuwa,
chinafika ku Muloza, chinafika ku Nkando.
Lachinayi masana foni inanjenjemera:
Bwerani ku Likhubula msanga,
akutuluka dovu, anyamata atola miyala.

Sindikumbuka chitunda chija.
Ndikukumbuka tcheni chikuduka, ine n'kuthamanga,
njinga n'kuisiya kwa munthu wosamudziwa.

Ndinapeza mayi wamfupi, ambulera ali chitambasulire,
ataima pakati pa miyala ndi galu wanga,
osamukhudza, osalolanso wina kuyandikira.
Nkhope sindinkaidziwa.
Ndinkadziwa mphaka wawo, Sikono, wosanza uja.

Kapepala kanatuluka m'jekete kali konyowa,
chidindo chikuonekabe.
Kanayenda dzanja ndi dzanja.
Miyala inayamba kugwa pansi umodziumodzi,
wina anati mwayi wake,
wina anaponyabe wake m'mtsinje kuti usapite pachabe.
Alangizi a ziweto atafika pa njinga yamoto
anavala magolovesi, n'kumukanula kukamwa:
fupa la nkhuku, litapingasa m'nkhama.

Sindinakwiye nawo anyamatawo.
Chiwewe chinatenga mwana wa mlongo wanga ali sitandade fili,
ndikudziwa chimene dzanja limaopa likamatola mwala.

Lero amagona m'theka la mgolo, pa thumba la feteleza,
mpanda ndinamanga wa nsungwi,
madzi ndimasintha ndisanapope matayala.
Kapepala kali m'jumbo,
pamodzi ndi mabuku a kusikelo a ana.

Dzulo ndinafunsa Esinala za dzina lija.
Anapitiriza kusenda chinangwa.
Anati, la galu.
Wanu ukadali m'khoti.