Mwendo Wachinayi

Lolemba mpaka Lachisanu ndine kalaliki,
ndimakoloweka masamba a tiyi pa sikelo
n'kulemba thukuta la anzanga m'makilogalamu.
Loweruka ndimavula wotchi.
Kuseri kwa nyumba, ku Chitakale kuno,
pansi pa mtengo wa mapeyala,
ndili ndi sowo, hamala, misomali yowongola ndekha,
pulena wa a Nakhumwa amene anaiwala kuitanitsa,
ndi pensulo kukhutu, monga achitira eni ntchito.

Sindine kalipentala, musandipatse oda.
Mpando wanga woyamba unagwetsa mlamu wanga
mbale ya mpunga ili m'manja,
mpaka lero akafika kwathu
amayamba wagwedeza chinthu asanakhalepo.

Koma chaka chino ndinati tebulo basi.
Paini wakwera mtengo,
bulugamu amang'aluka ngati chidendene m'chilimwe,
ndiye ndinapita kubwinja la bambo
kukazula chitseko.
Makoma anagwa kale ndi mvula ya chaka chija,
icho chinatsala chiimire chokha
kutsekera mbuzi nyumba imene kulibe.

Chinali bii, mwaye wa zaka makumi anayi.
Nditangoyendetsa pulena kamodzi, fwee,
fungo linadzuka.
Mkungudza!
Ndinakhala pansi, pa utuchi pomwepo.
Ndi fungo la malaya a bambo ili,
akutsika ku Chambe thabwa lili pamutu,
nkhata itaphwa, mawondo akunjenjemera pathanthwe,
ife tikudikira ku Likhubula ndi chigubu cha thobwa.
Phirilo linawafupikitsa khosi.
Sanakhalepo pa tebulo la mkungudza,
ankadyera pamphasa, msana utatsamira chitseko chomwechi.
Lero kumtundako akuti zitsa zachuluka kuposa mitengo,
ndipo chimene anasenza moyo wawo wonse
chagona pa njerwa ziwiri kuseri kwa nyumba yanga.

Maloweruka asanu ndi awiri.
Chiperoni chinabwera, guluu n'kukana kuuma.
Tchizulo inandiluma chala chamkombaphala,
Lolemba manambala anga anapendama m'kaundula.
Ana a neba ankakhala pampanda
kuwerenga kangati ndaphonya msomali.
Mabowo a mahinjesi sindinawatseke,
ngakhale chipsera cha pamene mayi ankakoloweka nyali.
Ndinagula vanishi, n'kumubweza kusitolo:
ndani amaphimba pakamwa munthu
amene wangoyamba kulankhula?

Miyendo itatu inatuluka m'felemu.
Wachinayi thabwa linandithera,
ndinapempha chidutswa cha paini kwa okhoma mabokosi a maliro,
choyera mbuu, mlendo pakati pa abale,
ndipo chinaperewera, kuchepa kwake ngati chikhadabo.

Tebulo langa limatsimphina.
Ukaikapo kapu, tiyi amayamba wawerama.
Ndinatenga sowo kuti ndifupikitse inayo,
Felesiya anandigwira mkono:
"Mudula, mudulanso, mawa tidzadyera pa chitseko."
Anapinda kanayi kalata ya ngongole ya feteleza,
n'kuipana pansi pa mwendowo,
nati, "Onani, nayonso yapeza ntchito."

Tsopano madzulo Yotamu amalembapo masamu.
Dzulo analowetsa chala m'bowo la hinjesi,
kuzunguliza, kusuzumira,
kenako osadzutsa mutu:
"Adadi, kodi tebuloli limatseguka?"

Ndinati ayi, maliza samuyo.

Koma onse atagona, magetsi atathima monga mwa masiku onse,
ndinabwerera pabalaza osayatsa kandulo.
Kunja nkhungu inali itameza phiri lonse.
Ndinaika chikhatho pamene panali chogwirira,
ndinati odi chamumtima,
n'kukankha pang'ono,
monga mwana amene wachedwa kubwera kunyumba.