Ulendo wa Tsiku Limodzi

Pa galasi la shopu ya maulendo ku Rosebank
pali tauni ya ku Vietnam
imene ndimaipukuta m'mawa uliwonse:
makoma achikasu ngati m'kati mwa dzungu,
nyali za nsalu zolendewera pa chingwe,
mtsinje, ndi mayi wa chipewa chosongoka atagwira nkhafi.
Zaka zinayi chiguduli changa chikudutsa pankhope pake,
sanandiuzebe dzina.

Ndondomeko yake ndinailoweza ngati katekisimu.
Eyiti koloko basi ikutengeni pa hotela.
Teni koloko, mlatho wakale wofolera denga,
nyumba za amalonda amene anafa kalekale
koma zitseko zikadali zolimba.
Nkhomaliro. Kenako bwato lozungulira ngati lichero,
wotsogolera alendo wodziwa zinenero zitatu.
Madzi a m'botolo ndi aulere.
Mayi Pillay amagulitsa zimenezi pafoni,
mawu akuterera ngati therere.
Nawonso sanapiteko. Anandiululira tikumwa tiyi.

Ndiye atatsika Mwandida pa Park Station,
mwana wa achemwali,
miyendo itatupa ndi masiku awiri a m'basi,
ndinati: Lamulungu uvale nsapato zabwino,
tili ndi ulendo, wotsogolera ndine.

Eyiti koloko, tekisi, pa ngodya ya ku Yeoville,
ndalama zikuyenda dzanja ndi dzanja mpaka kutsogolo.
Tayang'ana uko, ndinati, mapiri otumbuluka awo
sanaumbe ndi Mulungu.
Agogo ako a Chikaonda anaponyapo fosholo yawo nthawi ya Wenela,
nabwerera ndi sutikesi, bulangete ndi chifuwa.
Kumanjaku, nyumba zakale za eni migodi,
zitseko zikadali zolimba,
waya wamagetsi pamwamba pa mpanda.
Sitilowa. Jambula msanga.

Nanga mtsinje uli kuti, malume?

Uli pansi pa phula.
Mzinda uno unabisa mtsinje wake ngati ngongole;
umakatulukira kutsogolo,
utasenza majumbo ndi nsapato ya mwendo umodzi.

Komabe madzi tinawapeza, ku Zoo Lake,
damu lokumba anthu, kasupe wa paipi pakati.
Bwato nambala folotini, ola limodzi, kulipiriratu.
Ine amene ndimadziwa mtengo wa ndege ya ku Hanoi
nkhafi sindinagwirepo.
Tinazungulira pamalo amodzi,
zunguliru, zunguliru,
ndendende lichero la pachithunzi lija,
abakha akutiseka, ana a eni ake akuloza chala.

Malume, khalani uko.

Anavula nsapato zabwino zija
mwana wobadwira ku Chiromo,
amene ankawoloka Ruo ndi matumba a mbatata asanathe Sitandade faivi.
Anaponda thabwa, nakoka kamodzi, kawiri,
bwato linamumvera ngati galu wozindikira mluzu.
Sanalankhule. Inenso mawu aulendo anandithera.
Kunangotsala phava, phava,
ndi nsanja ya Hillbrow ikutisuzumira patali.

Nkhomaliro inali magwinya atatu ndi poloni.
Madzi a m'botolo tinagula.

Madzulo nyali za nsalu kunalibe,
koma magetsi anathima monga mwa nthawi zonse,
ndipo fulati yonse, zenera ndi zenera, inayatsa makandulo:
Akongo, Azimbabwe, ife.
Mwandida anaima pakhonde nati,
bola zimenezi ndajambula,
kenako anafunsa ngati kuli wofuna wochapa zovala
ndi kuti pepala lake la masiku makumi atatu likatha, atani.
Funso limenelo mulibe mu ndondomeko.

Lolemba ndinafika ndi ndowa ndi chiguduli.
Mayi wa chipewa anali pomwepo, pakati pa mtsinje wake.
Nkhope ndinaisiya.
Ndinayang'ana manja, mmene agwirira nkhafi,
mitsempha yotukuka pamkono,
ndipo koyamba ndinadzifunsa
kuti alendo akatsika, atawerenga ndalama zake,
amapalasa kulowera kuti.