Malipiro a Lachinayi

Ndine wa Sakaramento, njinga yanga ndi yabuluu,
siteji yanga ili pa mphambano ya ku Zolozolo.
Lachinayi lija kunali mawawa a mu Juni,
nkhungu itameza mapiri a Kaning'ina,
pomwe NyaLuhanga anakwera ndi katoni pamiyendo,
mabotolo akulira ngwe ngwe m'maenje monse
mpaka ku Katoto.

Potsika anapisa m'thumba, anapisanso.
"Achimwene, kachikwama ndasiya kunyumba. Tengani iyi."
Kabotolo kakale ka chiponde,
m'kati phula loyera ngati mafuta a ng'ombe ataundana,
kachingwe kataima pakati ngati mlonda.
"Ndi ya soya," anatero.

Soya?
Soya ndimamudziwa ine, wa m'mapaketi a kugolosale,
nyama ya ife amene mwezi umatitalikira.
Anayamba liti kuyaka?
Ndinaiponya m'thumba la jekete ndikung'ung'udza:
thukuta la chitunda chonse chija
andilipira ndi chinthu chosalowa m'poto.

Kunyumba magetsi anali atapita kwawo, mwa nthawi zonse.
Lusekero, mwana wanga wa Sitandade 8,
atagwadira buku la masamu pa mpando,
koloboyi akulavulira utsi kudenga.
Mwanayu ali ndi mphumu.
Usiku chifuwa chake chimalira ngati pampu yanga yotha mphira,
m'mawa m'mphuno muli bii, mwaye wokhawokha.

Ndinazimitsa koloboyi.
Mitengo iwiri ya machesi inakana, chinyontho,
wachitatu unavomera.

Lawi linaima chilili, osavina,
laling'ono ngati tsamba la khofi lophuka kumene.
Ndinadutsitsa chikhatho pamwamba pake kuti ndione kuda.
Chinabwerako choyera.

Kenako fungo.
Silinalowe mwachiwawa ngati perefyumu wa m'minibasi,
linayamba laodira pakhomo.
Paini.
Paini wa ku Chikangawa mvula itangokata,
kuja ndinkacheka matabwa ndisanagule njinga,
kuja mayi ake a mwanayu ankabwera ndi mbatata yootcha m'kansalu,
utuchi ukuwagwera m'tsitsi, iwo akuseka.
Papita zaka zisanu ndi chimodzi chiwaikireni ku Ekwendeni.
Sindinkadziwa kuti nkhalango yonse ija,
imene macheka ndi moto zinagawana,
ingabisale m'botolo la chiponde.

"Adada, mukulira?"
"Ndi utsi."
Anayang'ana lawi, nayang'ana ine.
"Utsi wake uti?"
Nabwerera ku masamu ake.

Usiku umenewo ndinagona khutu lili kuchipinda kwake
monga ndinazolowera.
Ndinangomva madontho pa malata
ndi galu wa kwa a Mwafulirwa.

Sindikunena kuti kandulo ndi mankhwala.
Kampope ka kuchipatala kakadali pansi pa pilo.
Ndipo mtengo wake nditaufunsa
ndinaseka mpaka kugwira chishalo:
maulendo asanu ndi awiri a ku Luwinga, kupita ndi kubwera!

Koma tinapangana.
Loweruka lililonse ndimanyamula makatoni ake
kukatula m'maloji a m'tauni,
ena a fungo la mandimu, ena a khofi,
iye pakutha pa mwezi nkundipatsa imodzi.
Sandifunsanso kuti ya fungo lanji.
Anzanga pa siteji akuti ndadyetsedwa,
ena akuti si kandulo imene ndikuzungulira.
Alekeni, pakamwa mpawo.

Yoyamba ija inatipirira masabata atatu,
inatsika mofanana mbali zonse,
osagwetsa msozi ndi umodzi womwe pa tebulo.
Botolo ndinalitsuka ndi madzi ofunda.
Pano ndimasungamo mavavu ndi tizigamba ta chubu,
ndipo tayala likaphwa pa msewu wa ku Chibavi
ndikatsegula chivindikiro,
pamanunkhira Chikangawa pang'ono,
kasitomala ataima ndi ambulera yake
nkumadabwa kuti kumata kaboo kamodzi
kukunditengera nthawi yonseyi bwanji.