Mabowo Atatu pa Katoni

Ku Tsangano nkhungu imachedwa kunyamuka,
ndiye ndimayamba ndi sikelo.
Osati ija ya kachewere ku Lizulu
imene ndimaikankha ndi chala wogula akacheuka.
Aka ndi kakang'ono, kamanyazi,
kamanjenjemera ngakhale ndingopumira pafupi.

A Kaduya, amene anapuma ntchito yolondera nkhalango,
akhala pa thumba la feteleza, chipewa chofika m'makutu.
Sandithandiza. Amangopenya.
"Onga sayeza ndi maso, Fanuwelo.
Maso akowo ndi a malonda."

Makoko khumi a zipolopolo ndawaimika pa thabwa
ngati ana pa mzere wa sukulu,
opukutidwa ndi kansanza ka malaya akale.
Lililonse ndalisuzumira kukamwa.
Limodzi lang'aluka, ndalitaya.
Zandiwawa. Ndi ndalama zimenezo.

Chilolezo chili m'pepala lapulasitiki,
ndinachidikira miyezi isanu ku boma la Ntcheu,
nguluwe zikufukula mizere yanga usiku
ngati zinalipira lendi.

Katoni ya sopo ndinaitsamiritsa pa chulu,
pakati ndinajambula diso ndi khala.
Mapazi zana, ndinawerenga kawiri.
Choyamba chinabudula ngodya.
Chachiwiri chinadzutsa chiswe.
Chachitatu sitinachione,
mwina chinatsikira pansi pa chulu kukabisala ndi manyazi.

Ndinada mfuti. Ndinada mphepo ya ku Mozambiki.
Ndinada onga, ndinada amene anandigulitsa.
Loweruka linalo ndinasintha zonse tsiku limodzi:
muyeso, kakhalidwe, ngakhale nsapato.
Mabowo anamwazikana ngati nkhuku zaona kabawi.
A Kaduya anakanda ndevu.
"Ukasintha zonse pamodzi,
chikakoma udzathokoza chiti?
Chikaipa udzakalipira chiti?"

M'kope la masamu limene mwana wanga analisiya
ndinayamba kulemba:
tsiku, mphepo, muyeso, kumene bowo lagwera.
Chinthu chimodzi basi pa ulendo.
Nangozo anaona kopelo nati,
"Ngongole za anthu simulemba chonchi."

Tsiku lina anandilanda mfuti, nanditembenuza,
"Yang'ana ku phiri."
Ndinamva akuikamo chipolopolo.
Ndinagona pa chiguduli, tsaya pa mtengo wozizira,
diso pa diso la khala,
ndinakhethemula.

Kete.

Munalibe kanthu.
Koma mfuti inadumpha,
phewa linathawa, maso ndinatsinzina,
ndinadziona ndekha ndikuzinda phokoso lomwe kunalibe.
Nkhalamba inaseka mpaka kutsokomola.
"Waiona nguluwe yako?
Imagona m'phewa lakolo."

Masabata atatu sindinawombe.
Mfuti yopanda kanthu, chitseko chotseka,
khobidi pamwamba pa mpope wake,
kukhethemula mpaka khobidi lileke kugwa.
Linagwa. Linagwa. Linagubudukira kunsi kwa bedi.
Ndinaphunzira kutulutsa mpweya theka,
kusiya wotsalawo ukhale ngati madzi m'chitsime,
kufinya pang'onopang'ono
monga umayesera peyala ngati lapsa
mwini wake akukuyang'ana.

Lero nkhungu yanyamuka cha m'ma naini.
Mphepo yagona. Zala zachita dzanzi.
Zitatu, zoyezedwa usiku pa nyali,
zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi.
Pakati pa chilichonse ndadikira chitsulo chizizire,
ndikumva belu la njinga kumsewu wa Kambilonjo.

Tayenda mapazi zana aja osalankhula.
Sizinalase diso, ayi.
Zagwera kumanzere, m'munsi pang'ono,
koma pamodzi,
zitatu zonse,
ndaziphimba ndi chikhatho chimodzi.

Ndinafuna andigwire chanza.
Iwo anangoti, "Lemba."
Kenaka, tikubwerera, mame atanyowetsa mathalauza:
"Kumanzereko tikonza mawa.
Zogwirizana sizivuta kusamutsa."

Kumunda, usiku wathawu, nguluwe zadya mizere ina iwiri.
Ndalembanso zimenezo.