Desiki ya Bambo ku Bismarck

Mayi Zahn, mlembi wa nyumba ya malamulo,
andipatsa makatoni atatu ndi tepi.
Bambo analibe ofesi kuno.
Anali ndi desiki, mzere wachinayi, pafupi ndi khomo,
poti chikhodzodzo sichinkawapatsa mpata
zaka zomalizirazi.

Pa pepala la boma ntchito yawo yakwana masamba awiri:
Arvid Tollefsrud, phungu, zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu.
Mabilu makumi anayi ndi imodzi.
Odutsa, asanu ndi awiri.
Enawo anafera m'komiti
ngati mathole obadwa usiku wa chipale chofewa.

Ndikuwerenga nditaima, jekete ili m'thupi.
Bilu ya masikelo oyezera tirigu: inadutsa.
Ya zotenthetsera m'mabasi a ana asukulu: inadutsa,
atayimeta mpaka kutsala mafupa.
Ya alimi a njuchi, aphungu anaiseka,
wina mpaka kulira ngati njuchi kumbuyoku,
bambo n'kumangowerengabe, makutu atafiira.

Nayi ya magetsi a pamphambano ya njanji,
pamene sitima inanyamula Tobias Brekke
ndi lole ya bambo ake, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi.
Ulendo woyamba anati ndalama kulibe.
Wachiwiri anati njanji ndi ya kampani, kafunseni komweko.
Wachitatu sanaitsegule n'komwe.
Wachinayi inadutsa,
koma pa dzina la mnyamata wa ku Fargo wa mano oyera;
la bambo lili pansi, lachisanu ndi chimodzi,
m'tizilembo tofunika magalasi.
Ndinapsa mtima ine.
Iwo anangoti, Marit, magetsi sawerenga dzina,
ndipatse mchere.

Tsamba lachiwiri sindikulikonda.
Pali "inde" amene anatseka sukulu yathu ya zipinda zitatu.
Akuti anasinthanitsa ndi mlatho.
Mlathowo ulipo, ndimawolokapo,
koma amalume Orrin sanawapatsenso moni
ngakhale kutchalitchi, ngakhale pamaliro,
ndipo ana a kwathu amakwera basi kusanache
mtunda wa ola lathunthu.
Sindinawafunse. Sanandiuze.
Tinkadya mbatata mwakachetechete.

Ndiye pali pa 9 Febuluwale:
"Sanabwere." "Sanabwere." "Sanabwere."
Mavoti atatu tsiku limodzi.
Wopikisana nawo anasindikiza zimenezi pa timapepala tachikasu
n'kumwaza m'mabokosi a makalata dera lonse:
phungu wojomba.
Pepala la boma lilibe mpata wolembapo
kuti tsikulo anali m'chipatala ku Minot
atafumbatira mapazi a amayi,
akuwathira mpweya kuti afunde.

M'dirowa muli maswiti a chifuwa omatirirana,
magalasi othyoka mwendo,
makalata khumi ndi anayi a mayi mmodzi
wodandaula za galu wa mnansi wake,
onse olembedwa pakona: "ndayankha."
Pansi penipeni, pepala la mizere, zolemba za pensulo:
bilu ya makumi anayi ndi chiwiri,
yoti oyendetsa ambulansi mongodzipereka
azibwezeredwa ndalama ya mafuta
ngati ulendo wapitirira
Athera pomwepo. Wapitirira chiyani, bambo?

Makatoni awiri akwana. Lachitatu ndabweza.

Kubwerera kwathu ndi maola atatu,
mphepo ikukankha galimoto ngati ili nane mlandu.
Mdima wandipeza ndisanafike pamphambano paja.
Magetsi ofiira ayamba kuphethira,
belu likulira, mtengo watsika.
Palibe wina pamsewu, ine ndekha ndi makatoni.
Sitima ya mafuta ikudutsa osafulumira.
Ndikuwerenga mabogi monga ankachitira iwo,
milomo ikugwedezeka,
ndipo pa makumi asanu ndi limodzi ndasokoneza.