Mzere Wachitatu

Ine ntchito yanga ndi kulemba mayina.
Sindibaya jakisoni, sindiyeza magazi.
Ndimakhala pa windo la chipatala kuno kwa Ndamera
ndi bolopeni yomanga ku ulusi kuti isayende ndi anthu.

Dzina. Zaka. Mudzi. Nambala ya chiphaso.
Mizere inayi, kuyambira m'mawa
mpaka malata atayamba kulira ndi dzuwa,
thukuta likudonthera pa kaundula wa boma.

Lero kwabwera mayi, chitenje chonyowa mpaka m'maondo,
matope a Shire atauma pakati pa zala za kumapazi.
Kumsana kuli mwana wotentha ngati chiwaya,
khosi lili lende.
Dzina? Zuze.
Zaka? Akuti anabadwa chaka chomwe madzi analowa m'nyumba.
Mudzi?
Wayang'ana pansi.
Kenaka watchula mudzi wa kuno, mothamanga,
ngati vesi loloweza m'bwato.
Chiphaso?
Wamasula mfundo ya chitenje
kufunafuna chinthu chomwe tonse awiri tikudziwa kuti mulibe,
ndipo zagwa ndalama zachitsulo za tsidya lija,
imodzi yagubuduka mpaka pansi pa benchi.
Mzere wonse wamva kulira kwake.
Wina kumbuyo watsonya.

Anatiuza pa msonkhano Lachisanu:
mankhwala amabwera owerenga,
owerengera anthu a mbali ino ya madzi.
Sananame.
Mwezi watha a malungo anatha pa twente,
ndinabweza ndekha nkhalamba ya pa Marka
ili ndi chiphaso chake m'manja, chonyezimira.

Koma mayi anga nawo anawoloka usiku,
mfuti zikulira ku mapiri a Morumbala,
ine ndili m'mimba, mphika uli pamutu.
Sanandiuzepo dzina la munthu
amene anakhala pa windo ngati ili
n'kuwalembera mudzi womwe sanaupondepo.
Ankangoti anali ndi mpata m'mano.

Bolopeni yaima pa mzere wachitatu.
Ntchentche yatera pa diso la Zuze,
ndipo Zuze sanaphethire.

Ndalemba mudzi wa kwathu.
Pa nambala ndakhwatcha kamzere,
ndalemba kuti chiphaso chinapita ndi madzi.
Kuno bodza limenelo limafanana ndi zoona
ngati mapira awiri pa lichero.
Pitani khomo lachiwiri, mayi, kwa a Nyathando,
muthamange.

Madzulo wadutsa pa windo osandiyang'ana,
mapilitsi ali mu kapepala pachifuwa,
akuthamangira wa bwato asanakweze mtengo wa mdima.
Ndalama ija ndaitola posesa.
Kuno sigula ngakhale mchere.

Mudzi wathu uli ndi nyumba khumi ndi zinayi,
mbuzi zochepa, mjigo wakufa.
Koma mukatsegula kaundula uyu
ndi mudzi waukulu zedi,
ana ake mazanamazana,
onse odwala malungo.
Tsiku lina adzabwera a ku boma kudzawerenga,
ndipo sindinakonze choti ndidzanene.