Lachinayi Usiku ku Mufakose

Magetsi athawa seveni isanakwane.
Atate akusolola mabatire mu tochi,
kuwanyambita kumutu, kuwakankhira mu wailesi
ngati akumwetsa mwana kwinini.
Mlongoti wake ndi waya wa njinga
wopindikira kuzenera loyang'ana njanji.

Poyamba ndi nkhani.
Mphunzitsi wina wachimfine akufotokoza
kuti thabwa la vayolini limayanikidwa zaka ndi zaka
lisanaphunzire kulira.
Atate akuti, "Ndiye ndi mnzanga ameneyo,"
nandiuza nditseke chitseko,
pakuti kwa a Mai Rudo akukazinga matemba
ndipo Chishona chawo chikulowa ndi utsi womwe.

Kenako piyano, yekhayekha,
ngati munthu wotsika masitepe mumdima
atanyamula thireyi ya matambula.

Zaka makumi atatu ndi chimodzi
a Likongwe anaphika ku Avondale.
Dona ankaika mbale yakuda pa galamafoni
iwo akutsuka mbale zoyera,
nyimbo n'kumadzera pa kabowo kopatsira supu.
Koma basi yomaliza inali ya naini.
Mayi wa m'nyimbomo akangokweza mawu,
iwo ankavula epuloni, kuthamangira ku siteji.
Mathero ake sanawamvepo.

Chitaliyana sachidziwa, choncho anadzipekera:
mayiyo akuitana mwamuna amene anatchona.
Waima pamsewu wa fumbi, mwana kumbuyo.
Dzina sankatchula,
koma ife tinkadziwa za Nangondo wa ku Ntcheu,
amene anamusiya ndi lonjezo la miyezi isanu ndi umodzi
amayi athu asanaoneke.

Lero wailesi yati iimba opera yonse.

Naini yakwana. Ndaona mwendo wawo ukugwedezeka,
ukufuna nsapato.
Akhala.
Mayi uja wakwera, wakweranso,
mpaka galu wa kuseri wayankha,
malipenga amuzinga, anthu ambiri alowa,
ng'oma imodzi yagunda ngati chitseko cha sitima,
ndiye m'manja, m'manja,
mvula ya pamalata ya anthu a kutali
amene mwina onse anamwalira kale.

Muulutsi akubwera ndi Chingerezi chosita bwino.
Akuti m'chigawo chomalizachi
mayiyo watopa n'kudikira,
wagulitsa nyumba, wavala zofiira,
akukwatiwa ndi wopanga mabwato.
Kukuwa konse kuja, akuti, n'chimwemwe.

Ndamasulira pang'onopang'ono,
ngakhale Chingerezi amachimva kuposa ine.

Chete.
Wailesi ikulengeza za nyengo ya mawa.
Atate akupukuta magalasi ndi m'mphepete mwa juzi,
nthawi yaitali kuposa mmene galasi limafunira.
"Wopanga mabwato," akutero.
"Ntchito yabwino. Munthu wake sapita patali,
amapita ndi ena."
Ndiye kaphwete, kakang'ono,
kotuluka ngati chifuwa.
"Anachita bwino mayiyo."

Pomwepo magetsi abwera.
Msewu wonse wakuwa, ana akuimba mluzu,
firiji yayamba kung'ung'udza pakona.
Babu yatiyalutsa tonse awiri:
ine ndi ndolo imodzi,
iwo ndi masaya onyowa.

"Zimitsa," akutero. "Sinathe.
Ati kukubwera ya zitoliro."

Ndazimitsa.
Batire yayamba kufooka,
chitoliro chikumveka ngati chili tsidya la Mukuvisi,
ndipo atate asendeza mpando,
khutu pa nsalu ya sipika,
monga ankaimira pa kabowo kaja,
koma lero manja ali ouma
ndipo palibe basi yoti aithamangire.